Agwape a ku Bradgate Park amawasungira chani ngati amawaphanso?

Mai_a_Tada
Abale amene muli ku Leicester kuno ku England kapena amene munafikako ku Bradgate Park ndithandizeni maganizo. Loweruka tinapitako ndi ana, tinalowera geti la ku Newtown Linford nkumatsata kamsewu kaja ka m'mbali mwa mtsinje, agwape ali mbwee kutsidya, ena atagona pansi pa mitengo akubzikula osatekeseka olo pang'ono, wamng'ono wanga mpaka anakana kuchokapo. Nde pobwerera ndinamva kuti nyama ya agwape omwewo imagulitsidwa, kutanthauza kuti chaka chilichonse ena amaomberedwa. Mtima wanga sunakhale m'malo mpaka lero. Nyama zozolowera anthu chonchija, zoti ana angozibayibitsa kumene, mawa lake mfuti? Nanga amazisungira chani? Ndikufunsa ndi mtima wonse chifukwa ana andifunsa ine ndasowa choyankha.

Kabaza_LE4
Mayi, nanga mbuzi kumudzi timazisungira chani?

Mai_a_Tada
Mbuzi ndi yoweta achimwene, aliyense amadziwa chiyambire kuti mathero ake ndi mumphika. Izitu amati ndi zakutchire, malowo amati ndi otetezedwa. Nde kuteteza kwake nkumeneko?

MphunzitsiWakale
Mayi a Tada funso lanu ndi lomveka, ambiri akafika koyamba zimawakhudza chonchi. Koma tiyambire apa, malo aja chiyambire anawatchingira nyama yodya. Bradgate ngati paki ya agwape ikupezeka m'zolemba za 1241, nthawi imeneyo inali pansi pa eni dera la Groby. Bwana wamkulu ankazunguliza tchire lake ndi dzenje komanso mpanda wamitengo, ndipo ankaumanga moti gwape azitha kulowa koma azilephera kutuluka, kuti iye ndi alendo ake azisaka tsiku limene afuna. Nyama ya gwape siinali yoti munthu wamba nkukagula pamsika, akuluakulu ankapatsana okhaokha ngati mphatso. Agwape amawangamawanga aja anachita kubwera nawo kuchokera kunja zaka pafupifupi 1000 zapitazo ndipo anafalikira nthawi ya a Norman (ochokera ku France amene analanda dziko lino) chifukwa cha mapaki omwewa, ofiira akuluakulu aja ndi amene ali eni dziko.

Tsopano lero. Malowo ndi mahekitala pafupifupi 340 basi, ozunguliridwa ndi khoma lamiyala, agwape ake ali cha m'ma 500. Mimbulu imene inkawadya inatha mu England muno cha m'ma 1500, palibenso chilombo choti nkugwira gwape wamkulu. Juni aliyense akazi akubereka, khoma silikusuntha, udzu ndi womwewo. Mukawasiya zaka zochepa chabe amadya chilichonse mpaka makungwa a mitengo, kenako nthawi yozizira ikafika amayamba kuwonda ndi kufa ndi njala komanso matenda, ana ndi okalamba ndi amene amayamba. Ndiye funso lenileni ndi loti gwape afe imfa iti, ya chipolopolo chimodzi kwa munthu wodziwa ntchito yake kapena ya njala ya miyezi iwiri mu Febuluwale. Ine ndimasankha yoyambayo ngakhale kuti sindingakonde kuonerera.

Nachisale_Notts
Aphunzitsi ine apa sindikugwirizana nanu. Kwathu tinasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, njovutu, pa malole. Dziko lolemera ngati lino lingalephere kunyamula agwape? Nkhani ndi yoti kupha nkotchipa ndipo nyamayo imabweretsa ndalama, tisamazembe.

MphunzitsiWakale
Achemwali ku Nkhotakota malo analipo, njovu zake zinali zitatsala zochepa chifukwa cha opha nyama mozemba, tchire linkadikira. Kuno muwapititse kuti? Kunja kwa khomalo agwape akutchire ndi ochuluka kale moti eni nkhalango ndi alimi akudandaula nawo, kulikonse akuchepetsedwa. Palibe amene angalandire ena.

Luton_Boy
Izi ndi zoona. Kwathu kuno kuli tiagwape tija ting'onoting'ono ta muntjac, kwawo ndi ku China koma tinathawa ku paki ya Woburn kalekale nde pano tili ponseponse, usiku ndikamachokera ku shifiti ndimakumana nato m'misewu ya pakati pa nyumba za anthu. Mnzanga anadzala mpiru ndi nyemba ku dimba la khonsolo anakolola zitsa zokha.

Nachisale_Notts
Nanga mankhwala olera? Anthu timalera, agalu amawalera.

Nesi_wa_Usiku
Asisi galu mumamunyamula pa galimoto kupita naye kwa dokotala. Apa mukunena akazi mahandiredi, aliyense mumubaye, mumudziwe kuti uyu ndamubaya kale, kenako mudzabwerezenso mphamvu ikatha. Gwape akagwidwa amachita mantha oti ena amafera pomwepo kapena kuthyoka miyendo. Mtima wanu ndaumva koma njira imeneyo nayonso ili ndi nkhanza zake zosaoneka.

Kabaza_LE4
Komanso nyama yake ndi bho heve, ilibe mafuta. Bola idyedwe kusiyana nkuti ikwiriridwe.

Nachisale_Notts
Inu zanu ndi zam'mimba basi. Ine sindingadye.

Gogo_wa_Anstey
Ana anga ine ndimakhala kufupi, Lamulungu ndikaweruka ku tchalitchi ndimayendako miyendo ikalola. Chimene ndikufuna muone mukadzapitanso ndi mitengo. Imani chapatali muyang'ane kunsi kwa nthambi za mitengo ya oak, masamba onse amathera pa mzere umodzi wowongoka, pamenepo ndi pamene pakamwa pa gwape pamafika akatambasula khosi. Kenako yang'anani pansi, simupeza kamtengo kakang'ono komera kokha ayi, kalikonse kakangotulutsa masamba kadyedwa. Mitengo ing'onoing'ono imene mungaione ndi yotchingidwa ndi timipanda, komanso nkhalango zija zozunguliridwa ndi makoma amiyala pamwamba pa zitunda, anazimangira makoma chifukwa cha agwape omwewa. Nde ikuluikulu yamphako ija, ina yazaka zoposa 500, ikadzagwa adzailowa m'malo ndani ngati agwape achuluka mopyola? Mumphako zimenezo mumakhala mileme, akadzidzi, agogomole, ndi tizilombo tina timene timangokhala mu mtengo wowola wakalekale basi. Inenso agwape ndimawakonda, ndimawalankhula ndikamadutsa, koma mitengo nayo ndi yamoyo ndipo siingathawe.

Mai_a_Tada
Agogo zikomo, za mzere wa masambazo ndinaziona koma ndimayesa amachita kudulira ndi makina. Komabe sindinama, zoti ndi zoyenera ndikuzimva m'mutu koma mumtima zikukanabe. Mwina zikanakhala kuti amathawa anthu sizikanandipweteka chonchi.

Tsoka_Liyenda
Mitengo yakale ija bwanji yambiri ndi yaifupi, yonenepa kunsi koma pamwamba ngati inadulidwa? Munthu wina anandiuza kuti anaidula mitu polira mfumukazi ina yake, zoona?

MphunzitsiWakale
Imeneyo ndi nkhani imene anthu a kuderali amakamba, yokhudza Lady Jane Grey. Bwinja lanjerwa zofiira limene mumalipeza pakati pa paki lija ndi Bradgate House, nyumba ya banja la Grey. Anayamba kuimanga Thomas Grey, mwana wa Elizabeth Woodville amene anadzakwatiwa ndi Mfumu Edward IV, ndipo inatha cha m'ma 1520. Inali imodzi mwa nyumba zikuluzikulu zoyamba mu England kumangidwa ndi njerwa zootcha popanda linga lankhondo. Jane anakulira pamenepo. Agogo ake akuchikazi anali mlongo wake wa Mfumu Henry VIII, ndipo magazi achifumu amenewo ndi amene anamuphetsa. Mfumu Edward VI atamwalira pa 6 Julayi 1553 akuluakulu ena, makamaka apongozi ake a John Dudley, sanafune kuti Mary, mlongo wake wa Edward, atenge ufumu chifukwa anali Mkatolika, nde anamuika Jane pa 10 Julayi, pofika pa 19 Julayi anthu anali atatembenukira kwa Mary. Masiku 9 okha. Anamutsekera ku Tower of London, bambo ake nkudzalowereranso kuukira kwina, basi pa 12 Febuluwale 1554 anamudula mutu ndi nkhwangwa, mwana wazaka 16 kapena 17. Ndiye amati ogwira ntchito ku Bradgate atamva anasadza mitengo ya oak posonyeza chisoni.

Koma kusadza mitengo kotero inali ntchito ya masiku onse m'mapaki a agwape. Ukadula mtengo pansi mphukira zimadyedwa, nde ankaudula pamwamba poti gwape sangafikire, uziphukira pomwepo, iwo azipeza nkhuni, milimo ndi masamba odyetsa nyama nthawi yozizira. Mtengo wosadzidwa chonchi umakhalitsanso kuposa wosiyidwa chifukwa mphepo siikhala ndi pougwira.

Namasina_22
Ine nkhani ya Jane imandiliza. Akuti mphunzitsi wina Roger Ascham anafika pa nyumbayo mu 1550 anapeza banja lonse lapita kosaka m'paki, iye yekha ali m'nyumba akuwerenga buku la Chigiriki, nkumuuza kuti kwa makolo ake amangokhalira kukalipidwa ndi kutsinidwa, mtendere amaupeza kwa mphunzitsi wake basi. Mwana wanzeru chonchi akulu nkumugwiritsa ntchito pa ndale zawo, zitavuta iye ndi amene analipira. Ndikaima pa bwinja paja mapikoko akulira ndimaganiza za atsikana onse amene amakwatitsidwa chifukwa cha zofuna za makolo.

Luton_Boy
Koma ndinamva kuti a University of Leicester atakumba anapeza maziko amiyala pansi pa njerwazo, moti mwina zambiri zimene timajambulapo zithunzi zija zinamangidwa Jane atafa kale.

MphunzitsiWakale
Eya, anakumba kuyambira 2015 mpaka 2019 ndipo anapezadi nyumba ina yakale kunsi kwake. Ngakhale za kubadwa kwake akatswiri amatsutsana, ena amati Bradgate ena amati London. Chokhacho chatsala ndi denga ndi katchalitchi, mkatimo muli manda osema a Henry Grey wina wa pambuyo pake ndi mkazi wake. Banjalo linasiya kukhalamo m'zaka za m'ma 1700 nyumba nkuyamba kugumuka yokha.

Mlimi_Wa_Ku_Rumphi
Ine ndili kumudzi sindinafikeko kumeneko koma ndikuwerenga zonsezi ndipo palibe amene wafunsa funso langa. Bwana atatchinga tchire lonselo kuti azisakamo yekha, anthu amene ankatola nkhuni ndi kudyetsa ziweto mmenemo anapita kuti? Ndikufunsa chifukwa agogo anga anali m'gulu la anthu amene anachotsedwa pamene Nyika inkakuzidwa mu 1978, mpaka anamwalira akuloza phiri kuti manda a makolo athu ali uko. Alendo akabwera amaona kukongola, ife timaona kwathu. Nde paki ikatchulidwa ine ndimayamba ndafunsa kuti analira ndani.

Gogo_wa_Anstey
Mwana wanga pepa. Funso lako ndi lolemera ndipo kunonso analira alipo.

MphunzitsiWakale
Achimwene a ku Rumphi mwakhudza penipeni. Mbiri ya mapaki a kuno ndi ya mpanda, wina mkati wina kunja. Mu 1723 anakhazikitsa lamulo lotchedwa Black Act, munthu akapezeka m'paki ali ndi chida atadzipaka zakuda kumaso kuti asadziwike posaka gwape chilango chake chinali kunyongedwa, ndipo lamuloli linakhala zaka 100. Ku Chatsworth cha m'ma 1840 mudzi wa Edensor anausuntha nkukaumanga pena chifukwa unkaonekera kunyumba ya bwana. Ku Richmond Park ku London, Mfumu Charles I anamanga khoma mu 1637 kuzungulira minda ndi mabusa a anthu eni ake akudandaula. Kenako Princess Amelia, mwana wa George II, atapatsidwa udindo woyang'anira mu 1751 anatseka mageti kuti azilowa anzake okha okhala ndi tikiti. Anamuimitsa ndi munthu wofulula mowa dzina lake John Lewis, anakamang'ala kukhothi ndipo mu 1758 anawina, anthu oyenda pansi nkuyambanso kudutsa.

Bradgate njira yake inali ina. Mbadwa za banja la Grey zitaika malowo pamsika, Charles Bennion, mkulu wa kampani yopanga makina osokera nsapato mu Leicester, anawagula mu 1928 nkuwapereka kwa anthu a mzinda ndi dera lonse la Leicestershire. Nchifukwa chake lero ine ndi inu timalowa ulere, timangolipira poimika galimoto.

Kabaza_LE4
Ndiye kuti ndalama za anthu ogwira ntchito mufakitale zinabwerera kwa eni ake. Ine sindimuombera m'manja kwambiri.

Namasina_22
Aaa achimwene, akanatha kumangapo nyumba nkugulitsa kapena kutseka geti nkumasakamo yekha ngati enawo. Pabwino tiziyamika.

Mlimi_Wa_Ku_Rumphi
Zikomo aphunzitsi. Chandisangalatsa ndi cha wofulula mowayo, munthu wamba kutengera mwana wa mfumu kukhothi nkuwina. Koma onani kusiyana, kumeneko mwana wa munthu wosauka lero amalowa ulere nkukhala pa udzu. Kuno ana ambiri obadwira m'mphepete mwa paki amakula osalowamo, nyama amaziona zikabwera kudzadya chimanga.

Nachisale_Notts
Apa nde tagwirizana achimwene. Koma tibwerere kwa agwape, ine funso langa likadalipo, ndani amaona kuti chiwerengero chimene akupha ndi choyenera osati chongofuna ndalama?

Mlenje_Wopuma
Mayi ndiyankheko poti ndinagwirapo ntchito pa famu ina kuno yokhala ndi agwape, ine ndinali wonyamula ndi kusenda. Sizichitika mwachisawawa. Pali lamulo la 1991 lokhudza agwape limene limanena miyezi yololedwa pa mtundu uliwonse, amphongo nthawi yawo akazi nthawi yawo, kuti asaphe mayi woyamwitsa kamwana nkutsala kokha, limanenanso kukula kwa mfuti yololedwa. Amayamba awerenga gulu lonse, aone ana abadwa angati, udzu uli bwanji, nde amasankha okalamba, ovulala, owonda ndi ena owonjezera kuti amuna ndi akazi akhale olingana bwino. Amphongo anyanga zikuluzikulu amene mumawajambula aja ndi amene amasungidwa kuti mbewu ikhale yamphamvu. Ku Richmond kuli agwape oposa 600, amachepetsa mu Novembala ndi mu Febuluwale, usiku mageti atatseka. Ndipo ndikuuzeni, woombera amene ndinkagwira naye ntchito ankadziwa nyama zake imodziimodzi, tsiku lopha sankalankhula ndi munthu, akamaliza ankangokhala mu galimoto phee kwa kanthawi. Za ndalama, mukawerengera malipiro a antchito, kukonza makoma ndi chakudya chowonjezera nthawi yozizira, nyamayo siingalemeretse munthu.

Nachisale_Notts
Chabwino bambo, inu mwaziona ndi maso. Kudya sindidya koma ndamva.

Nesi_wa_Usiku
Ndipatuke pang'ono poti mayi a Tada anatchula ana. Mukabwerako kulikonse kokhala agwape muziwasecha ana thupi lonse madzulo omwewo, kuseri kwa mawondo, m'khwapa, m'chiuno, kuseri kwa makutu ndi m'tsitsi. Nkhupakupa za kuno ndi zing'onozing'ono kwambiri ndipo zimabisala mu udzu wautali ndi mu zitsamba zija za bracken, zina zimapatsa matenda a Lyme. Mukaipeza musaiotche, musaipake mafuta, igwireni ndi kopanira kufupi ndi khungu nkukoka pang'onopang'ono molunjika. Pakadzatuluka chizindikiro chozungulira chimene chikukulirakulira, kapena mwana akatentha thupi ndi kuphwanya m'masabata otsatira, pitani kwa dokotala wanu (GP) mukanene kuti analumidwa ndi nkhupakupa. Pa khungu lathu lakudali chizindikirocho sichioneka chofiira ngati pa zithunzi za m'mabuku, chimatha kungooneka chodera ngati pamene munthu wamenyedwa, nde muzinena nokha osadikira kuti akufunseni. Mankhwala alipo ndipo amagwira bwino mukafulumira.

Mai_a_Tada
Iii asisi mwandithandiza, anatu ankagubuduka mu zitsamba zomwezo. Ndiwayang'ana akangobwera ku sukulu.

Gogo_wa_Anstey
Mulinso njoka za adder mmenemo, zimaothera dzuwa pa miyala nyengo ikayamba kufunda. Sizilimbana ndi munthu zikapanda kupondedwa, koma ana azivala nsapato zotseka.

Tsoka_Liyenda
Ine chimene chinandikwiyitsa ndi anthu agalu. Okutobala wathayu bambo wina anamasula galu wake pafupi ndi gulu la agwape, galu liwiro, agwape balala kudutsa pamsewu pomwe panali mayi wina ndi mwana mu pulamu, zinangotsala pang'ono. Mwini wake akungoitana dzina la galu chapatali uku akuseka. Ndinamulankhula anandiyankha zamwano. Zikwangwani zilipo zoti kumunsi kuja galu azikhala pa chingwe koma ena amaona ngati galu wawo ndi wosiyana ndi agalu ena onse.

Mlenje_Wopuma
Okutobala ndi woopsa kwambiri chifukwa ndi nthawi yokwerana. Mphongo yofiira imatha kufika makilogalamu pafupifupi 200, khosi limatupa, imadzigubuduza m'matope, imabangula moti mumaimva muli kutali ndipo masabata amenewo imadya pang'ono kwambiri, ntchito nkulondera akazi ndi kumenyana. Nde munthu akupita ndi foni kufuna selfie. Ku mapaki a ku London amati muzitalikira mamita 50, ine ndimati nthawi imeneyo onjezerani. Ikayamba kuyenda cham'mbali ikukuyang'anani ndi diso limodzi, kapena kupalasa pansi, bwererani chambuyo pang'onopang'ono osathamanga. Juni nayenso ali ndi zake, mayi amabisa kamwana mu bracken iye nkupita kukadya, anthu akakapeza amayesa kamasiye nkukanyamula. Kasiyeni pomwepo, mayi ake ali pafupi ndipo akuonani. Ndipo chonde buledi, mabisiketi, makaroti osawapatsa, m'mimba mwawo simugwirizana ndi zakudya zathu komanso akazolowera kulandira amayamba kulonda anthu, mapeto ake gwape wotero ndi amene amayamba kuchotsedwa.

Namasina_22
Nyanga zija akuti zimagwa chaka chilichonse, zoona? Zikuluzikulu zonse zija?

Mlenje_Wopuma
Zoona mwanawe. Ofiira amagwetsa cha mu Malichi ndi Epulo, amawangamawanga amatsatira pambuyo pang'ono, nde zina zimayamba kumera pomwepo zitakutidwa ndi kachikopa kaubweya kodzaza magazi, pofika Ogasiti zauma amazikhula pa mitengo chikopacho nkumalendewera. Ndi fupa lenileni, ndipo ndi amphongo okha amene amakhala nazo. Mukaipeza pansi isiyeni, agwape omwewo amaikukuta kuti abwezeretse mchere wa m'mafupa.

Zed_Chipata
Nabwera mochedwa abale. Ine nifunseko za kansanja kaja kali pamwamba pa phiri kooneka monga kapu ya mowa, kanali ka asilikali olo?

Kabaza_LE4
Old John ameneyo aise. Olo msilikali mmodzi sanagonemo.

MphunzitsiWakale
Anakamanga mu 1784 a Earl of Stamford, a banja la Grey lomwelo, kongokometsera malo kuti kazioneka ngati bwinja lakale, khomo lopindika lija limene limaoneka ngati chogwirira anawonjezera pambuyo pake. Kenako ankakhalamo poonerera mahatchi awo akuthamanga kuzungulira phirilo. Pali nthano yoti John anali nkhalamba yantchito imene inaphedwa ndi mtengo umene unagwa pa moto wachikondwerero, koma dzinalo phirilo linali nalo kale nsanja isanamangidwe. Pamwambapo ndi mamita 212, kukakhala kowala mumaona mzinda wonse wa Leicester ndi damu la Cropston kumunsi, kumene mtsinje wa Lin umathira. Chipilala chinacho chapafupi ndi chokumbukira asilikali a Leicestershire Yeomanry amene anafa ku nkhondo.

Zed_Chipata
Ndalama kumangira chinthu chongoyang'ana, anthu ogwira nchito m'minda yawo akugona ndi njala. Awa analidi na mtima wina.

Gogo_wa_Anstey
Zoona mwana wanga, koma kwera ukaone wekha, mphepo yake pamenepo imachotsa zonse za m'mutu. Ine masiku ano sindifikako, mawondo.

Luton_Boy
Palibe watchula miyala? Kwa ine chachikulu pa Bradgate ndi chimenecho kuposa agwape. Miyala yosongoka imene ana amakwerapo ija ndi ina mwa yakale kwambiri mu England, zaka pafupifupi 560 miliyoni, inachokera ku phulusa la mapiri ophulika limene linkagwera m'nyanja. Mu 1957 mnyamata wasukulu Roger Mason akukwera miyala m'dera lomwelo la Charnwood anapeza chidindo chooneka ngati tsamba pa mwala, pomwe akatswiri ankati miyala yakale choncho singakhale ndi zamoyo zooneka ndi maso. Anachitcha Charnia masoni potengera dzina lake. Chowawa nchoti mtsikana wina Tina Negus anachiona chaka chimodzi m'mbuyo mwake, atauza aphunzitsi ake anamukanira kuti nzosatheka. Palinso china anachitcha Bradgatia potengera pakiyi. David Attenborough, wotchuka uja wa mafilimu a zachilengedwe, anakulira mu Leicester ndipo ali mwana ankasaka miyala m'dera lomweli.

Namasina_22
Mtsikana kuona choyamba dzina nkupita kwa mnyamata. Aphunzitsi amenewo anamulakwira kwambiri.

MphunzitsiWakale
Anamulakwiradi, ndipo ngati mphunzitsi zimandichititsa manyazi. Mwana akabwera ndi chinthu chimene sichili m'buku umapita naye kukaona. Pano dzina lake limatchulidwa limodzi ndi la Mason. Chidindo chenichenicho chili ku myuziyamu ya pa New Walk mu tauni, kulowa ndi ulere. Za m'pakimo sauza anthu malo ake enieni poopa ogumula ndi nyundo. Miyalayi ndi mitengo yakale ija ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti mu 2024 Bradgate pamodzi ndi Swithland Wood zilowe m'gulu la malo achilengedwe otetezedwa ndi boma lotchedwa National Nature Reserve.

Chemwali_Beaumont
Ndawerenga zonse kuyambira pamwamba. Mayi anga abwera mwezi wamawa kudzaona mdzukulu ndipo amayendera ndodo, mtunda wautali timawakankha pa wilitcheya. Ndingawatengere kumeneko kapena ndi kokwera kokhakokha? Komanso tilowere geti liti?

Gogo_wa_Anstey
Atengeni mwana wanga. Lowerani ku Newtown Linford kapena ku Hallgates mbali ya Cropston, pakati pa mageti awiriwa pali msewu wa tara wopanda zitunda zovuta, umadutsa pa bwinja penipeni ndipo mabenchi alipo, pa Deer Barn pali tiyi ndi zimbudzi. Geti la Hunts Hill ndi la ofuna kukwera kwa Old John, limenelo lisiyeni. Mupite pakati pa sabata m'mawa chifukwa pa wikendi dzuwa likawala malo oimika galimoto amadzaza msanga, ndipo muwatengere bulangete la pamiyendo, munthu wongokhala pa mpando amazizidwa msanga kuposa wokankhayo.

Kabaza_LE4
Mukasowa thiransipoti mundiuze achemwali, Lachiwiri ndi Lachitatu ndimakhala ofu ndipo wilitcheya imakwana kumbuyo.